Tintchentche Tokwera Masana

Mu labu yofufuzira matenda a ubongo munthu ankalemekezedwa molingana ndi kukula kwa nyama yake. Pamwamba panali a makoswe, amene anali ndi chipinda chawochawo chozizira bwino, makiyi awoawo ndi magolovesi okhuthala. Pansi pawo panali a tintchentche. Pansi penipeni panali a nyongolotsi zosaoneka ndi maso, ndipo tebulo lawo linali pafupi ndi chitseko cha kuchimbudzi. Mayina enieni a ophunzira anathera pa ziphaso zopachika m'khosi. Mnyamata wa makoswe anali Makoswe, mtsikana wa nyongolotsi anali Nanyongolotsi, ndipo iye, amene anabwera kudzachita digiri ya udokotala ali ndi dzina labwinobwino limene makolo ake analiganizira mofatsa, anali Nantchentche.

Tintchentche take tinali tomwe tija timazungulira nthochi yakupsa kwambiri, kungoti iti tinasinthidwa chibadwa. Tikamakula, maselo ena a mu ubongo wake ankayamba kufa, maselo amtundu womwe uja amene akafa mwa munthu dzanja limayamba kunjenjemera ndipo miyendo imalemera. Kantchentche kabwinobwino kakagwera pansi pa botolo kamakwera m'mwamba nthawi yomweyo. Sikafunsa chifukwa. Kodwala kamayamba kakhala kaye pansipo ngati kakukumbukira zina, kenako n'kuyamba kukwera pang'onopang'ono, n'kuima panjira.

Ntchito yake inali imeneyo. Ankatsanulira tintchentche m'kabotolo kakatali kagalasi, n'kugogoda kabotoloko katatu pa chilabala chimene chinali patebulo kuti tonse tigwere pansi, kamera n'kujambula. Pambuyo pake ankaonera kanemayo n'kuwerenga timene tadutsa mzere wabuluu umene anajambula pagalasipo. M'mawa ankayesa todwala tosalandira kanthu. Masana, akabwera ku tiyi, ankayesa todwala timene anatisakanizira mankhwala m'chakudya. Anayamba choncho tsiku loyamba, ndipo popeza mu labu amakuphunzitsa kuti usamasinthesinthe zinthu, sanasinthe.

Chipinda cha tiyi chinali ndi ketulo imodzi, mipando yosiyana miyendo, ndi firiji imene pachitseko pake analemba kuti musaikemo ubongo. Makoswe ankapezekamo tsiku lililonse, atatambasula miyendo mpaka pakhomo, nthawi zambiri akumwera m'kapu ya Nantchentche chifukwa ati ndi imene inali ndi chogwirira chokwana dzanja la mwamuna. Sanali munthu woipa. Anali munthu wothandiza, ndipo vuto lake linali limenelo. Ankamulongosolera Nantchentche ntchito ya Nantchentche. Ankamuuza zimene analemba akatswiri ena m'pepala limene iye analiwerenga mutu wokha, pamene mwini ntchitoyo analiloweza. Tsiku lina anamufunsa, nkhope ili yachifundo, ngati akamaliza ntchentche adzamukweze n'kumupatsa mphemvu. Tsiku linanso anati kunyumba kwawo kukhitchini kuli ntchentche zambiri zaulere, ngati zamuthera angonena.

Nantchentche analeredwa m'nyumba imene munthu sayankha ali ndi chakudya m'kamwa, ndipo akameza nkhani imakhala itapita. Choncho ankamwetulira, kutsuka kapu ya alendo imene anamwera, n'kubwerera ku tebulo lake.

Miyezi itapita, mizere iwiri ya pachithunzi cha zotsatira inayamba kupatukana. Wa tosalandira mankhwala unkatsetsereka, wa tolandira unakhala m'mwamba. Mayi Pulofesa, amene ankayang'anira ntchitoyi, anali munthu wosataya mawu. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, anavula magalasi, n'kunena kuti, "Eya." Pofika madzulo nsanjika yonse inali itamva kuti avula magalasi. Ngakhale a makoswe sanawavulirepo.

Lamlungu lotsatira Nantchentche anapita kukaona makolo ake, ndipo kumeneko anachita chinthu chimene buku lililonse la maphunziro ake limaletsa. Anaonetsa bambo ake kanema wa tintchentche tija.

Bambo ake anali woimbira mpira wopuma pantchito. Zaka zambiri anathamanga pakati pa mabwalo atavala zakuda, akutukwanidwa ndi mbali zonse ziwiri mofanana, zimene iwo ankati ndi umboni wa ntchito yabwino. Tsopano dzanja lawo lamanja, logwirira wezulo lija, linali litayamba kunjenjemera. Adokotala anatchula dzina la matendawo, anapereka mapiritsi ochepetsako, ndipo ananena mosabisa kuti oletseratu kulibe. M'nyumbamo nkhaniyi sinkakambidwa. Bambo ankasunga dzanjalo m'thumba la buluku, kapena kulipana m'khwapa ngati munthu woganiza zakuya. Mayi ankawathirira tiyi theka la kapu, n'kumanena kuti tiyi wambiri saloleka pa msinkhu wawo.

Anaonera kanemayo pafoni atayandikiza nkhope, ngati mmene ankaonera mpira wobwereza. Anapempha kuti aubwereze. Ulendo wachitatu anali atasankha kale mbali. Gulu lina analitcha A M'mawa, linalo A Masana, ndipo panali kantchentche kena ka A Masana kamene kanadutsa anzake chakumanzere n'kufika pamwamba koyamba, kamene anati kali ndi tsogolo.

Nantchentche anawafotokozera bwinobwino kuti ntchentche si munthu. Anati kuchoka pa ntchentche kufika pa khoswe ndi zaka, kuchoka pa khoswe kufika pa munthu ndi zaka zinanso, ndipo mankhwala ambiri amafera panjira. Bambo anagwedeza mutu n'kunena kuti zimenezo akuzidziwa, iwo si mwana. Koma akutsuka mbale, mayi ake anamunong'oneza kuti asamawaonetse zinthu bambo akewo, chifukwa sasunga chinsinsi. Patangotha masiku ochepa wometa tsitsi wa pakona anali atadziwa, wogulitsa nyuzipepala anali atadziwa, ndipo bambo anali atafunsa kale mayi ngati mankhwalawo ali owawa kapena ayi.

Kuyambira pamenepo foni iliyonse ya bambo kwa mwana wawo inkayamba chimodzimodzi.

"Mayi, anyamata a masana akuti bwanji?"

"Akukwera, bambo."

"Usawatopetse. Timu yabwino imafuna kupuma."

Ndiye Makoswe anapita kunja ku msonkhano wa akatswiri, kumene anakaimika chipepala chachikulu cha makoswe ake pakhoma. M'chipinda cha tiyi munagwa mtendere. Nantchentche anamwera m'kapu yake. Iye ndi Nanyongolotsi, mtsikana wamfupi wosalankhulalankhula amene ankaseka ndi mapewa okha, ankakhala mpaka ketulo kuzizira, miyendo ili pampando wa Makoswe. Ankabwerera kuntchito akuimba chamumtima.

Ndipo A Masana anasiya kukwera.

Tsiku loyamba anati mwina ndi nyengo. Lachiwiri anasungunula mankhwala atsopano. Kenako anayamba kukayikira chilichonse. Anayeza kutentha kwa kabati yosungiramo tintchentche, anasintha babu la pamwamba pa tebulo, anaphika chakudya chawo china, anatsuka timabotolo tonse kawiri. Anafika pobwerera ku nsapato zimene ankavala mwezi wathawo, ndipo zimenezi sanauze munthu. Tolandira mankhwala tinkangokhala pansi limodzi ndi tinzake, tikupukuta kumaso ndi timiyendo takutsogolo. Mayi Pulofesa anayang'ana chithunzi chatsopanocho magalasi ali pamphuno, ndipo anamukumbutsa kuti komiti yoona ngati ntchito yake ili yoyenera kupitirira ikumana posachedwa.

Kwa bambo ake anati matimu afanana mphamvu sabata imeneyo. Bambo anati zimachitika, palibe timu imene siidutsa m'nyengo yovuta, chofunika ndi kusachotsa mphunzitsi mopupuluma. Anaseka. Koma asanadule foni anafunsanso, mawu atatsika, ngati sabata yamawa zidzabwerere.

Makoswe anabwerako ali ndi lamba wa chiphaso cha msonkhano m'khosi, ndipo sanamuvule. Masana amenewo anakamba za mahotela, za akatswiri amene anamugwira chanza, ndi za mayi wina wotchuka amene anamuuza, iye yekha pambali, kuti nthawi ya ntchentche inatha. Anati anamuganizira Nantchentche pomwepo, mpaka chakudya sichinamukomere. Zonsezi ankanena akumwera m'kapu ija.

Nantchentche anamwetulira, anatsuka kapu ya alendo, anabwerera ku tebulo lake, n'kugogoda kabotolo. Tintchentche tinathamangira m'mwamba ngati tamva moto. Kabotolo kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatunso. Anakhala pansi, manja ali pamasaya. Kenako anazungulira khoma lamatabwa limene linkalekanitsa malo ake ndi a nyongolotsi kuti akauze mnzake.

Nanyongolotsi sanachotse diso pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono.

"Wabwera eti, mnzako uja?"

"Wamuona?"

"Ayi. Ndamva iwe."

"Wamva ine bwanji?"

"Tebulo ili ndi limodzi, mwali, khomali angoliika pamwamba. M'mawa umagogoda ngati mlendo pakhomo la eni ake. Masana umagogoda ngati apolisi. Masiku amene kunalibe uja ndinapuma, nyongolotsi zanga zinanenepa. Lero zabalalikanso."

Ananena zimenezi mopanda cholinga, ngati munthu wodandaula za wailesi ya oyandikana nawo, n'kupitiriza kutola nyongolotsi ndi kawaya.

Nantchentche anabwerera pamalo pake. Makanema onse ankawaonera atatseka mawu, chifukwa powerenga tintchentche makutu alibe ntchito. Tsopano anavala zomvera m'makutu n'kutsegula. Wa m'mawa: go, go, go. Wa masana, mwezi wathawo: anachita kuchotsa chomvera chimodzi. Anatsegula wina, ndi wina. Panali tsiku lina limene kamera yomwe inadumpha, ndipo atayang'ana deti anakumbukira kuti linali tsiku la mphemvu.

Kantchentche, ngakhale kodwala, ukakadzidzimutsa kwambiri kamathawa. Zimenezi zinali m'mutu woyamba wa buku limene iye mwini ankaphunzitsira a chaka choyamba.

M'mawa mwake anatembenuza ndondomeko. Tolandira mankhwala anatiyesa m'mawa, ndipo tinakwera mwaulesi. Masana anapita ku tiyi, anakhala moyang'anizana ndi Makoswe, n'kumufunsa dala kuti kodi ubongo wa ntchentche ungatchedwe ubongo. Anamvetsera yankho lonse mpaka kumapeto. Atabwerera, todwala tosalawako mankhwala chibadwire tinakwera ngati ana a sukulu akaweruka. Tsiku linalo anadula paipi ya pulasitiki, anaiimika pa chilabala chija, n'kumagwetsera kabotolo m'katimo kuchokera pamlomo, kuti kazigwa mofanana kaya mwini wake wakondwa kaya ayi. Anachita zimenezo masiku angapo. Mizere iwiri ija inagona pamodzi ngati mapasa.

Panali njira ina, ndipo anaiona bwinobwino. Nanyongolotsi sankadziwa chimene ananena. Paipi inkatha kubwerera kumene inachokera. Makoswe analibe ulendo wina komiti isanakumane, ndipo ankapezeka tsiku lililonse pa nthawi yake, ngati mankhwala osafunika kusungunula kapena kusunga m'firiji. Akanangopitiriza kumwa naye tiyi, A Masana akanapambana mpaka iye kulandira digiri, ndipo Lamlungu lililonse bambo ake akanakhala ndi choonera. Anaiganizira njirayi nthawi yokwanira kutsuka timabotolo tonse ta tsikulo. Kenako anatenga paipi ija n'kukagogoda, mwaulemu, pachitseko cha Mayi Pulofesa.

Mayi Pulofesa anamvetsera osamudula. Anapempha kumva kanema wa tsiku la mphemvu. Anavula magalasi kachiwiri m'chaka chimodzi, koma ulendo uno kunali kupukuta misozi, mapewa akugwedezeka. Atapeza mpweya anati komiti idzamukazinga ndithu, ndipo iwo sadzamuteteza pa funso la chifukwa chimene sanasinthanitsire magulu kuyambira pachiyambi, popeza iwonso anayenera kufunsa. Koma anati akaimike paipiyo patebulo pamaso pa komitiyo, chifukwa komiti siithamangitsa munthu amene wagwira yekha cholakwa chake. Pashelefu panali mankhwala ena ambiri osayesedwa. Anamulangizanso kuti polemba asatchule munthu, angoti mphamvu ya kugogoda inkasiyana pa zifukwa za m'chipinda china.

Nkhani inafika kwa Makoswe tsiku lomwelo. Anabwera ku tebulo lake, anaima kanthawi akusisita lamba wa msonkhano, n'kufunsa ngati, poti zotsatirazo zinachokera kwa iye, dzina lake lidzakhale nawo pa pepala.

Koma komiti si imene inkamuopsa Nantchentche. Lamlungu anakwera basi, n'kutsika siteji imodzi asanafike kuti ayende pansi. Anadutsa pa wometa tsitsi, amene anatulutsa mutu pawindo, lumo lili m'manja, n'kumufunsa za A Masana. Anangomukwezera dzanja.

Anapeza bambo ake pa tebulo lodyera, nyuzipepala atatsegula tsamba lakumapeto, dzanja lamanja lili m'thumba. Mayi anabweretsa tiyi, kapu yodzaza kwa mwana, theka kwa bambo, n'kubwerera kukhitchini kumene anasiya chitseko chotsegula mwadala. Nantchentche anafotokoza zonse motsatana, ngati mmene anakonzera kudzafotokozera komiti: m'mawa ndi masana, kapu, msonkhano, tebulo limodzi, paipi. Sanagwiritse ntchito mawu akuti mwina. Anati mankhwala aja sagwira ntchito, ndipo sanagwirepo.

Bambo anapinda nyuzipepala ndi dzanja limodzi, zimene zinatenga nthawi. Kukhitchini madzi anasiya kutuluka pampopi. Kenako anapempha kanema uja, woyamba uja, koma ndi mawu. Anaonera kantchentche kawo kakudutsa anzake chakumanzere. Anaubwereza, ulendo uno atatseka maso.

"Apa ndiye unamenya, mayi."

"Ndinamenya, bambo."

"Wa makosweyu ndi wamkulu thupi?"

"Wamtali chabe."

"Hm." Anabweza foni. "Anakugwira ndani? Aphunzitsi ako?"

Anawauza kuti mnzake wa nyongolotsi ndi amene anamva phokoso, koma sanadziwe tanthauzo lake. Zotsalazo anazipeza yekha.

"Ndiye wapamzere anakweza mbendera, wezulo unaimba ndiwe."

"Zili ngati choncho."

"Chigoli chako chomwe."

"Changa chomwe."

Bambo anayang'ana pawindo. Anayamba kukamba za masewero ena akalekale, asanakwatirane ndi mayi, pamene anakana chigoli chimene anamwetsa mlamu wawo, mchimwene wa mayi, mpira utatsala pang'ono kutha, abale onse ali m'bwalo. Anati anachiona bwino, munthuyo anakankha mpira ndi dzanja, ndipo anatuluka m'bwalomo atabisala m'galimoto yonyamula maukonde a magoli. Mayi anayankha ali kukhitchini kuti mchimwene wawoyo mpaka lero amati mpirawo unamugunda pachifuwa, ndipo n'chifukwa chake pa ukwati wa iwo ndi bambo anajambulitsa atayang'ana kumbali. Bambo anati chifuwa chokhala ndi zala iwo sanachionepo.

Anaseka onse, koma kuseka kwa bambo kunatha msanga. Anafunsa ngati pashelefu paja patsala ena. Nantchentche anati atsala ambiri, koma sakulonjeza kanthu, ndipo ulendo uno sadzawaonetsa kanema mpaka atatsimikiza. Bambo anati zimenezo n'zoona, woimbira salengeza zotsatira mpira uli m'kati. Ndiye anakumbukira wometa tsitsi, ndi wa nyuzipepala, ndi anthu ena awiri atatu amene mayi sankawadziwa. Mayi anati asadandaule, tsitsi likhoza kudikira mwezi umodzi, nyuzipepala azikagula iwo.

Pamenepo bambo anatulutsa dzanja m'thumba n'kuliika patebulo, pafupi ndi kapu. Nantchentche anali asanalione poyera chotero kwa nthawi yaitali. Linali litaonda. Chala chachikulu chinkasisita cholozera mosalekeza, ndipo mphepete mwa dzanjalo munkagunda thabwa, kasupuni n'kumalira m'sosala. Anadziwa dzina la kunjenjemera kumeneko, anadziwa maselo amene anafa ndi malo ake mu ubongo, anajambulapo malowo pa mayeso n'kukhoza bwino. Anangoliyang'ana.

Bambo nawonso ankaliyang'ana, mutu ataupendeketsa, ngati akumvetsera wosewera amene akudandaula.

"Tamvera," anatero. "Ili silisintha. M'mawa chomwechi, masana chomwechi, kaya wina wandiyankhula zotani. Paipi yakoyo ikadzathyoka udzandibwereke."

Nantchentche anaseka mpaka anafunika kupita kukhitchini kukatenga kansalu kopukutira m'maso. Atabwerako anapeza tiyi wa bambo atazizira. Anakamutaya, anatenga ketulo, n'kuwathirira wina. Anafika theka n'kuima. Bambo anakodola ndi mutu kuti apitirize, ndipo iye anathira mpaka pamwamba, n'kusiya kansalu kaja pafupi.